Zikho, makapu kapena tizikho? Funso lochokera ku Rosettenville

Mayi ena a ku Rosettenville andilembera kuti gulu lawo la amayi a Chigwirizano kuno ku Joni lasonkha ndalama kuti agule zogwiritsa ntchito pa mgonero atumize kumpingo wa kumudzi kwawo ku Dedza, ndiye polemba kalata yopita kwa abusa anakanganapo, ena akuti alembe makapu, ena zikho, wina akuti tichikho. Akufunsa kuti cholondola nchiti, komanso zonsezo pamodzi azitchule chani.

Mayi, lembani chikho. Mawu amenewa ndi athu enieni, chikho chija cha mphonda chomwe agogo ankatungira madzi mumtsuko kapena kumwera thobwa, ndipo omasulira Buku Lopatulika lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 atafika pa Mateyu 26:27 pomwe Ambuye anatenga chomwera nayamika anasankha mawu omwewa, kungoti mu kalembedwe kakale kaja mupeza cikho popanda h ngati mmene analembera cifukwa ndi cikondi. Pa 1 Akorinto 11:25 ndi chimodzimodzi. Ndiye munthu wa ku CCAP akamva chikho maganizo amapita pagome la Ambuye, akamva kapu amaganiza tiyi, kusiyana kwake ndi kumeneko basi. Olo chikhale cha pulasitiki kapena cha chitsulo, chikafika pagome paja ndi chikho, ntchito yake ndiyo ikuchipatsa dzina.

Ine ndinakulira kukatchalitchi kakang'ono ka udzu komwe abusa ankabwera mwa apo ndi apo, akulu a mpingo amabweretsa zikho ziwiri panjinga atakulunga munsalu yoyera, mbale ya mkate ndi jagi yothirira, anthu tonse kumwera momwemo mkulu akupukuta m'mphepete ndi kansalu. Zinali zoperewera ndithu koma sindinamvepo munthu akuti kapu, ndipo zimandikhudza ndikamva ana athu obadwira kuno akusowa mawu amenewa.

Tsono zomwe mukugulazo mwati ndi tating'onoting'ono tija toti aliyense kake, tokhala mu thileyi ya mabowo. Kamodzi ndi kachikho, tambiri ndi tizikho osati tichikho ayi. Lamulo lake ndi loti ti- amakwera pa mawu omwe achulukitsidwa kale, onani kachinthu timati tizinthu, kamwana tiana, kamtengo timitengo, ndiye kachikho tizikho. Anzanu amene amati tichikho aja angochulukitsa ka- yekha nkuyiwala chi-. Timakapu si Chichewa cholakwika, natonso tatsata lamulo lomweli, ndipo polankhula ndi wa transport amene anyamule katunduyo nenani timakapu ndi mathileyi kuti adziwe choti asamale, mukamuuza chikho mwina aganiza cha mpira poti masiku ano ndi mawu omwewonso pa wailesi akamakamba za Bullets ndi Wanderers. Koma kalata ya abusa ikhale ndi tizikho, ndipo muonetsetse kuti chiganizo chonse chikugwirizana, tizikho tathu tatsopano tafika, osati tizikho zathu.

Zonse pamodzi ndi ziwiya za mgonero. Zipangizo zikumveka ngati za kumunda kapena zomangira, zida ndiye ayi ndithu. Baibulo lija limakonda mawu oti zotengera, ngati zotengera zadothi za pa 2 Akorinto 4:7, amakoma paguwa koma mukalata amayi akumudzi afunsa kuti zotengera chani. Ziwiya aliyense akuzidziwa, amazitsuka tsiku ndi tsiku.

Mbale ya mkate ingokhalani mbale, palibe chovuta pamenepo. Musayiwale nsalu yovindikira, ndipo mukalatamo lembani nambala ya tizikho kuti akulu a mpingo akawerenge katundu akafika.