Nkhani yagona pa mota za kumagudumu

Mwafunsa ngati sitima zapamtunda zatsopano zimawononga mphamvu yochepa ndi kukhalitsa osawonongeka chifukwa chakuti ndi zamagetsi osati zadizilo. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa mota zozunguza magudumu, pakuti ngakhale sitima zambiri zadizilo zimayenda ndi magetsi: injini imangozunguza jenereta, ndipo magetsi akewo ndi amene amapita ku mota za pansi.

Mota zakale za DC (magetsi oyenda mbali imodzi) zili ndi timabulashi ta kaboni timene timakhula pa gawo lozungulira lotchedwa commutator. Timabulashito timatha, timasiya fumbi lakuda m'kati mwa mota, ndipo chinyezi chikalowamo moto umathetheka, kotero amakaniko amakhalira kutsika m'dzenje la pansi pa sitima kukapukuta ndi kusintha. Mota zamakono za AC (magetsi osinthasintha mbali) zilibe timabulashi n'komwe. Chimene chinkavuta kale chinali kulamulira liwiro lake, koma vutoli linatha kutabwera inverter, chipangizo chimene chimapereka magetsi pa mlingo woyenera katundu ndi liwiro, komanso chimachepetsa mphamvu msanga gudumu likayamba kuterereka panjanji. Ku Germany anatulutsa injini zokoka sitima zoyamba za Class 120, zokhala ndi mota za AC, mu 1979, ndipo ku America kampani ya Burlington Northern inaitanitsa injini zadizilo za SD70MAC, zokhalanso ndi mota za AC, mu 1993 kuti zizikoka malasha.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi mabuleki. Sitima ikamachepetsa liwiro, mota imasanduka jenereta n'kubweza magetsi ku nthambo za pamwamba, ndipo mabuleki enieniwo sakutha msanga. Panjanji yochokera ku Kiruna ku Sweden kupita kudoko la Narvik ku Norway, sitima zodzaza miyala ya chitsulo zikamatsetsereka kuchoka m'mapiri zimabweza magetsi ochuluka ndithu. Apa yadizilo imaluza, chifukwa ilibe kobwezera, moti mphamvuyo imangosanduka kutentha n'kuuluzika ndi mafani, pokhapokha itaikidwa mabatire.

Ku Japan apita patsogolo ndi mota za maginito zotsekeka paliponse kuti fumbi lisalowe, ndipo sitima ya N700S, imene inayamba kunyamula anthu mu 2020, ili ndi ma inverter opangidwa ndi chinthu chotchedwa silicon carbide, amene ndi aang'ono komanso satentha kwambiri. Komabe zonsezi n'zodula pogula, ndipo zikavuta zimafuna katswiri wodziwa kufufuza vuto ndi kompyuta.