Musanagule sensa ina ya mpweya, yambani mwatsekula bokosi la fyuluta

Bambo wina wa ku Nchalo wandilembera imelo sabata yathayi. Iwo amanyamula anthu pa Toyota Sienta ya injini ya 1NZ-FE pakati pa Nchalo ndi Dyeratu, ndipo masiku ena amakwera nayo ku Blantyre. Akuti galimotoyo yayamba kudya mafuta kwambiri, ikaima pa siteji injini imanjenjemera ngati ikufuna kuzima, imafooka ikangoyamba chitunda cha pa Thabwa, ndipo nyali ya check engine, yochenjeza za vuto la injini, yayaka. Makaniko amene anaiona anawauza kuti sensa yoyeza mpweya, imene amaitcha MAF, yafa. Funso lawo ndi lakuti, kodi angathe kuisintha okha pakhomo?

Mungathe, bambo, chifukwa pa injini yanuyo sensa imeneyi imagwiridwa ndi masikulu awiri okha, ndipo kuchotsa yakale n'kuika ina sikuposa mphindi 15. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi china: kuno ku chigwa cha Shire masensa ambiri amene amatayidwa amakhala asanafe, amangokhala atakutidwa ndi fumbi, ndipo mukapanda kutseka pamene fumbilo likulowera, yatsopanoyo idzadwala matenda omwewo pasanathe miyezi ingapo.

Sensayi ili pa njira ya mpweya, pamene bokosi la fyuluta likukumana ndi paipi yaikulu yakuda yopita ku injini. Mkati mwake muli tiwaya tochepa ngati tsitsi, ndipo kamodzi kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndiye kuchuluka kwa magetsi ofunika kuti kawayako kakhalebe kotentha ndi kumene kumauza kompyuta ya galimoto kulemera kwa mpweya umene walowa. Injini ya petulo imafuna pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta. N'chifukwa chake sensayi imayeza kulemera osati kukula kwa mpweya, pakuti mpweya wa mu Okutobala ku Ngabu, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndi wosiyana ndi wa m'mawa wa mu Juni, ndiponso wa kuno kumunsi ndi wosiyana ndi wa ku Blantyre, kumene kuli pamwamba pafupifupi mamita 1,000. Fumbi likamatirira pa kawaya kaja limakhala ngati bulangete. Mukaponda moto pa chitunda, sensa imanena mpweya wochepa kuposa umene walowadi, kompyuta n'kupereka mafuta ochepa, galimoto n'kufooka. Injini ikamalira galimoto itaima, muyezowo umatha kusokonekera mbali inayo, mafuta n'kumapita ochuluka. Zizindikiro zanu zonse zikugwirizana ndi zimenezi, komabe mapulagi oyatsa mafuta mu injini amene atha, pampu ya mafuta yofooka kapena paipi yong'ambika zimaonetsanso chimodzimodzi.

Choncho musanachotse batire kapena kumasula chilichonse, werengani manambala osonyeza zovuta amene kompyuta yasunga. Kachipangizo ka ELM327 kamalumikizidwa pansi pa chiwongolero ndipo kamatumiza zonse pa foni kudzera pa Bluetooth, koma chifukwa galimoto zina zochokera ku Japan zimakana tizipangizo totchipa, mukhoza kupita kwa wamagetsi a galimoto amene ali ndi makina. Manambala kuyambira P0100 kufika P0104 amaloza sensayi kapena mawaya ake. P0171 imangotanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi mafuta, ndipo siyinena kuti wolakwa ndi ndani. Muonenso muyezo wa mpweya injini itatentha, ezakoni ndi nyali zili zozima: pa injini ya malita 1.5 umayenera kukhala pafupi ndi magalamu 2 pa sekondi, ndipo uzikwera bwinobwino, osadumphadumpha, mukamaponda moto pang'onopang'ono.

Mukatero tsekulani bokosi la fyuluta, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti mufatse. Chotsani fyuluta, kenako pititsani chala mkati mwa chivindikiro, mbali imene mpweya umadutsa utasefedwa kale. Chala chikabwera choyera, zili bwino. Chikabwera ndi fumbi lofiirira ngati ufa wa mawere, mwapeza gwero la vuto. Ine zinandichitikira pa galimoto yanga m'chilimwe china, nditayenda maulendo angapo pa msewu wa East Bank kupita ku Muona. Ndinali ndi chizolowezi chouza anyamata a pamalo ena okonzera matayala kuti azindipopera fyuluta ndi kompresa, poganiza kuti ndikupulumutsa ndalama. Tsiku limene ndinaikweza kuloza dzuwa ndinaona timabowo ting'onoting'ono m'makwinya a pepala lake, ndipo labala ya m'mbali inali itauma n'kupindika moti pakona pamodzi panali mpata wolowa msomali. Fumbi lonse la msewu umenewo linkapita ku sensa, ndiponso ku injini yeniyeniyo, chimene ndi choopsa koposa. Amene munadutsapo m'madzi nthawi ya Cyclone Freddy mu 2023, kapena m'madzi osefukira a zaka zina, dziwaninso kuti fyuluta ya pepala ikanyowa imapindika ndipo sibwereranso m'chimake ngakhale itauma.

Paipi yakuda ija muifinye ndi kuipinda pang'ono, makamaka m'makwinya a kunsi kumene maso safika. Kutentha kwa kuno kumaumitsa labala msanga, ndipo mpweya wolowera pamng'alu umene uli pakati pa sensa ndi injini suwerengedwa n'komwe. Zikakhala choncho, sensa yatsopano singasinthe kanthu.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Muigwire m'mawa injini itazizira, pamalo popanda mphepo ya fumbi, kutali ndi mbaula kapena ndudu, chifukwa mankhwala otsukira amayaka msanga. Chotsani kiyi, masulani waya wa negetivu pa batire ndi sipanala ya 10, ndipo dinani kapulasitiki kotsekera pulagi ya mawaya a sensa musanaikoke. Gwirani pulagiyo, osati mawaya, ndipo muchite mwaulemu chifukwa pulasitiki ya galimoto zakale imakhala yophwanyika ngati chikande chouma cha mtengo. Masikulu awiriwo mumasule ndi sikuludilaiva yokwana bwino m'mutu mwake, mukusamala kuti asagwere pansi pa injini. Kokani sensa molunjika, kenako tsekani bowo lotsalalo ndi kansalu koyera.

Mukaitembenuza mudzaona kakang'ono konga dontho la utomoni kali poonekera. Ambiri amatsuka kameneko n'kuganiza kuti amaliza, chonsecho kameneko n'koyeza kutentha kwa mpweya basi. Tiwaya toyeza kuchuluka kwa mpweya tili mkati mwa kampata, ndipo mumationa mukaunika ndi tochi ya foni. Gwiritsani ntchito sipuleyi yolembedwa MAF cleaner, kapena yotsukira zamagetsi imene siisiya mafuta ikauma, ndipo muwaze kangapo muli patali pang'ono. Musayese petulo, WD-40 kapena sipuleyi ya kabuleta, ndipo musakhudze tiwayato ndi thonje, nthenga kapena burashi, ngakhalenso kutipopera ndi kompresa, pakuti kakangoduka kamodzi sikalumikizika. Isiyeni iume yokha pamthunzi kwa mphindi 20, muibwezere, ndipo muikenso fyuluta yatsopano yokhala bwino m'bokosi, zotsekera zake zonse zitagwira. Pa misewu yathuyi ine sindidikira makilomita olembedwa m'buku; ndimatsekula bokosilo mwezi uliwonse kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa.

Ngati mwatsuka koma nambala ija yabwereranso, kapena muyezo ukungokhala pamodzi, ndiye kuti muguledi ina. Pamutu pa sensa yanu palembedwa nambala ya Toyota yoyamba ndi 22204, komanso dzina la Denso, kampani imene imapanga. Jambulani nambalayo, kapena munyamule sensa yakaleyo popita kogula masipeya ku Limbe, chifukwa masensa a Toyota ambiri amafanana maonekedwe ndipo pulagi yake ya mapini 5 imalowa bwinobwino, koma anakonzedwa kuti aziyeza mosiyana. Maganizo anga ndi akuti yeniyeni ya Denso yochotsedwa pa galimoto ina imaposa yatsopano yopanda dzina ya m'kabokosi kowala. Yopanda dzinayo imatha kuzimitsa nyali ya check engine koma n'kumanama pang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo kwa munthu amene amadya za pamsewu ngati inu, bodza limenelo mumalilipira pa pampu madzulo aliwonse. Pemphani wogulitsayo kuti avomere kuibweza ikakana, ndipo akulembereni lisiti.

Poika, onani kuti kalabala kozungulira khosi la sensa kalipo ndipo sikanapindike. Sensayo imalowa mbali imodzi yokha, choncho ikavuta musaikakamize, itembenuzeni. Masikulu mumange mongokwanira chifukwa akulowa mu pulasitiki, ndipo pulagi muikankhe mpaka mutamva kuti yati kwapu. Mukabwezera batire, lizani injini osaponda moto ndipo muisiye ilire mphindi 10, chifukwa kompyuta imakhala itaiwala zimene inazolowera ndipo poyamba injini ikhoza kukwera ndi kutsika. Wotchi ndi masiteshoni a wailesi mudzatcheranso.

Mayeso enieni ndi chitunda chija. Muwoloke mlatho wa Kamuzu muli ndi katundu wofanana ndi wa masiku onse, ndipo mumve ngati galimoto ikukoka m'makhota oyamba kuchokera pa Thabwa. Ikamafookabe pamene sensa, fyuluta ndi paipi zili bwino, chotsatira ndi kuona mapulagi ndi mphamvu ya pampu ya mafuta. Zikafika pamenepo, bambo, mundilemberenso manambala amene makina aonetsa ndi muyezo wa mpweya umene mwapeza, tione pamodzi poyambira.