Asisi a shopu ya madiresi, musathamangire kusaina

Asisi inu mukufuna kusamutsira shopu ya zovala za amayi mu mall, dikirani kaye. Ndangowerenga funso lanulo mutu wanga wayamba kuwira, moti mundikhululukire ndikalemba mosalongosoka.

Nanenso eni mall anandikopa ndi mawu omwewo: anthu amadutsa ambirimbiri, alonda alipo, poimika galimoto mpokwanira. Anthu amadutsadi, koma sadzera inu. Amadzera sitolo yaikulu ya kumapeto ija. Mall anaikonza choncho kuyambira kale. Southdale Center ya ku Minnesota ku America, yomwe inatsegulidwa mu 1956 ndipo ambiri amaitenga ngati mayi wa mamall otsekedwa ndi denga, inali ndi masitolo akuluakulu awiri, Dayton's ndi Donaldson's, kuti munthu pochoka kwina kupita kwinako adutse pa timashopu tapakati. Ife a madiresi ndife timashopu tapakatito. Akuluakuluwo eni mall amawanyengerera ndi lendi yotsika pa mita iliyonse, ndiye katundu yense amasenza ndi ife.

Kumbali kwathu sitolo yaikuluyo inatseka, khonde lonse n'kungoti zii. Lendi osatsika. Ya alonda, ya osesa, ya zokongoletsa za Khirisimasi, zonse zikubwerabe pa invoice. Kutseka msanga tsiku lopanda kasitomala, chindapusa, poti mgwirizano umati uzitsegula maola onse a mall. Magalasi, mashelefu, chipinda choyeseramo zovala, zonsezo ndinaika ndi ndalama zanga m'nyumba ya eni. Ndinatsalira pa lendi, ndinawalembera kalata yopempha kuti ndizilipira pang'onopang'ono, manijala n'kundiyankha pakamwa kuti musadandaule mayi, tikambirana.

Loweruka lina m'mawa ndikufika, ndikupeza loko wachilendo pachitseko ndi chipepala chomata pagalasi. Mtsikana wanga wogulitsa atakhala pansi pakhonde, chikwama pamiyendo, osatha ngakhale kundiyang'ana. Mkatimo zidole zitavala madiresi atsopano amene tinawapachika madzulo ake, timapepala ta mitengo tikulendewera. Kuseri kwa kauntala kunali diresi yobiriwira mu pulasitiki, yolipiridwa kale, titaifupikitsa m'munsi monga mwini wake anafunira. Anali mayi wachikulire, mwana wake ankakwatiwa masana omwewo. Anafika tsitsi atakonza kale, naima pagalasipo akuloza ndi chala, "Si iyo diresi yanga? Tangonditengerani, ine ndikuchedwa." Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Ankangobwereza kuti si iyo apo.

Ndinathamangira manijala. Bambo yemwe uja tsiku losaina anandikokera mpando n'kumanditchula mnzake pa bizinesi, tsiku limenelo anandiyankha ali chiimire, maso pa foni: "Mayi, ine ndangotumidwa. Lembani imelo, ofesi itsegula Lolemba." Ndinamupempha diresi imodzi yokhayo, mlonda aime pomwepo aone kuti sinditenga china. Anakana. Munthu wopanda chisoni ngati ameneyo sindinamuonepo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la perefyumu imene ankadzola ndimachita nseru. Eni mashopu oyandikana nawo ankangosuzumira pazitseko, ena akujambula. Mayi uja ndinawabwezera ndalama zimene ndinasungira malipiro a mtsikana wanga, n'kuwaona akulowa m'sitolo ina kukasaka chilichonse chowakwana.

Katundu anandibwezera nyengo yake itadutsa. Zovala za amayi zili ngati tomato, sizidikira mlandu uthe. Masitolo a Zara, kampani yaikulu ya zovala, amalandira katundu watsopano kawiri pa sabata, ndiye diresi yako yokhala m'shopu yokhoma miyezi ingapo ugulitsa kwa yani pa mtengo wake? Ndinagulitsa motaya. Ndipo musaganize kuti zimagwera ang'onoang'ono okha, kampani ya zovala ya ku America ya Forever 21 ndi masitolo ake onse aja m'mamall inagwa mu 2019, lendi ili m'gulu la zimene zinaifinya. Ngakhale Victor Gruen, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Vienna amene anajambula pulani ya Southdale, ankafuna malo okhala ndi nyumba, sukulu ndi chipatala pozungulira, anthu azikumana. Ataona kuti zasanduka makina okamira lendi, mu 1978 ku London anakana poyera kuti mamall amenewa si ana ake oti awalere.

Komabe asisi, ngati malo akukupatsaniwo ayang'anizana ndi khomo la supermarket kapena ali panjira yopita kodyera, tengani msanga wina asanakulandeni. Makasitomala amene amandigula pa WhatsApp lero ambiri ndinawapezera momwemo, ndipo mzimayi akalowa shopu ya mu mall sanenerera mtengo monga amachitira kwina. Chachikulu, pitani ndi loya pokawerenga mgwirizano. Alembemo kuti sitolo yaikulu ikachoka lendi yanu itsike kapena mutuluke opanda chindapusa. Funsani kuti lendi imakwera bwanji chaka chilichonse, ndiponso kuti ndalama zina zija za alonda ndi zosesa zili ndi malire kapena ayi. Musaike nyumba kapena galimoto yanu ngati chikole. Zilizonse manijala akakulonjezani, akulembereni. Muyendenso pakhondepo Lachiwiri masana, osati Loweruka la kumapeto kwa mwezi limene iwo amakonda kuonetsa anthu, muwerenge amene anyamula majumbo a zovala. Ndipo chovala chilichonse cholipiridwa kale chizigona kunyumba kwanu, osati m'shopu.