Kuyendera m'tauni ya Blantyre wapansi: muyambire ku Mishoni, mukathere ku Mandala

Mayi wina wa ku Kasungu watilembera kalata. Akuti akubwera ku Blantyre kudzaona mwana wawo amene akugwira ntchito kuno, ndipo adzakhala ndi tsiku limodzi lopanda chochita. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingathe kuyenda ndekha wapansi m'tauni n'kuona malo akale popanda kusochera kapena kuberedwa? Ndiyambire pati, ndipo zinditengera nthawi yotani?"

Mayi, n'zotheka ndithu. Pakati pa tauni ya Blantyre ndi papang'ono kusiyana ndi momwe alendo amaganizira. Njira yomwe tikupatseniyi ndi ya makilomita pafupifupi 4, ndipo mukamaimaima n'kumaona zinthu bwinobwino muikire maola 4. Chimene chimalakwika kwa ambiri ndi poyambira. Amatsika minibasi kumsika dzuwa lili paliwombo, nayamba kukwera chitunda m'kati mwa phokoso ndi chipwirikiti, pofika 2 koloko miyendo yalema, n'kumati m'tauni mulibe choona. Inuyo muyambire ku Mishoni m'mawa, mudutse pakati pa tauni, mukathere ku Mandala. Tauniyi idamera pakati pa malo awiri amenewa, choncho mukayenda motero mudzaona momwe idakulira.

Musankhe tsiku la pakati pa sabata, Lachiwiri mpaka Lachinayi, ndipo ngati n'kotheka mupewe kumapeto kwa mwezi. Anthu akalandira, mizere ya kumabanki imafika pamsewu ndipo opisa m'matumba amakhala pantchito. Loweruka masitolo ambiri amatseka masana. Lamulungu m'tauni mumakhala zii, ndipo kuyenda nokha m'misewu yopanda anthu ndiye koopsa kuposa kuyenda m'chigulu. Nyamukani kuti 8 koloko ikupezeni pa Mishoni. Muvale nsapato zafulati zomwe mudaziyendera kale, osati zatsopano zofuna kuonetsa kutauni, chifukwa matuza amayamba musanafike theka la njira. Mutenge botolo la madzi la lita imodzi ndi ambulera. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imakonda kugwa masana, Okutobala kumatentha koopsa, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kubwera kutacha bwinobwino, ndiye juzi isatsale.

Minibasi yopita ku Chirimba kapena ku Chileka ikakutsitsani pa sukulu ya HHI (Henry Henderson Institute), mwafika pa Mishoni. Malo amenewa ndi pomwe amishoni a Church of Scotland adakhazikika mu 1876, m'dera la mfumu Kapeni. Henry Henderson ndi amene adasankha malowo mothandizidwa ndi Tom Bokwito yemwe ankamutsogolera, ndipo adawatcha Blantyre potengera mudzi wa ku Scotland komwe David Livingstone adabadwira. Sukulu ya HHI ili ndi dzina la Henderson yemweyo.

Apa musafulumire, chifukwa tchalitchi cha St Michael and All Angels ndicho chinthu chofunika kwambiri pa ulendo wonse. Chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, munthu yemwe sadaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuda omwe ankaphunzira ntchitoyo ali pantchito pomwepo. Njerwa zonse zidaumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo. Alendo ambiri amaima patali, kujambula, n'kumapita. Inu muyandikire khoma mpaka kuligwira. Mudzaona kuti njerwazo si zamakona anayi zokhazokha: zina n'zozungulira, zina zosongoka, zina zokhotakhota, chilichonse chidatuluka m'chikombole chakechake chamtengo. Kenaka mubwerere m'mbuyo pang'ono, muyang'ane nsanja ziwiri zakumaso. Sizofanana. Muzungulirenso kumbuyo kuti muone momwe denga lake lozungulira lidakhalira. Ngati mukufuna kulowa, mupemphe kwa ogwira ntchito pamalopo, pakuti ndi tchalitchi cha CCAP chomwe anthu akupemphereramo mpaka lero, ndipo mutha kupeza muli ukwati, maliro kapena kwaya ikuphunzira nyimbo. Mphindi 40 zikukwanirani.

Kuchoka apo mutsike ndi msewu wa Chileka kulowera kutauni. Mudzadutsa pafupi ndi depoti ya Wenela ndi siteshoni ya sitima. Dzina loti Wenela lidachokera ku kampani ya WNLA yomwe inkalemba amuna ntchito zokagwira m'migodi ya ku Joni. Mu 1974 ndege yonyamula Amalawi obwera kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo boma la Kamuzu lidaimitsa kulemba anthuko. Ngati m'banja mwanu mudali agogo otchona, mwina adadutsa pamenepa. Koma si malo oimapo n'kumasinkhasinkha: oitanira amakukokani, ena amangofuna kukunyamulirani chikwama. Muyankhe kamodzi kuti "zikomo, sindikukwera", osachepetsa liwiro.

Mukadutsa mlatho wa njanji mufika pa raundabauti ya Clock Tower. Pano sungani chinthu chimodzi m'mutu ndipo simudzasochera. Pakati pa tauni pali misewu ikuluikulu itatu yomwe imakumana ngati mafuwa: Glyn Jones Road kumtunda, Haile Selassie Road kumunsi, ndi Victoria Avenue yomwe imalumikiza iwiriyo. Timisewu tina tonse, monga Henderson Street, Hanover Avenue ndi Livingstone Avenue, tili m'kati kapena m'mbali mwa itatuyi. Mukasokonezeka, yendani molunjika mphindi zisanu, mudzatulukira mu umodzi mwa iyo. Mapiri nawo amathandiza. Ndirande ili kumbali ya Mishoni komwe mwachokera, Soche ili kummwera, Michiru ili chakumadzulo.

Tengani Glyn Jones Road. Ndi kokwera pang'ono, koma m'mawa sikuvuta. Mukafika pa hotela ya Mount Soche mukhotere kumanzere, ndiye mwalowa Victoria Avenue, ndipo kuyambira apa mukutsetsereka. Msewu umenewu ndi wa mabanki ndi maofesi, muli Delamere House ndi nyumba zina zosanja. Mungathe kupatukira ku Hanover Avenue kuti muone hotela ya Ryalls, imodzi mwa hotela zakale kwambiri m'dziko muno, n'kubwereranso. Chakumunsi kwa Victoria Avenue kuli holo yakale ya tauni ya 1903 yomwe idamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi maofesi akale a boma. Ndi nyumba zazifupi, zamakonde, zosavuta kuziphonya ngati maso ali pa nyumba zagalasi. Chimatipweteka n'chakuti nyumba zotere zikutha pang'onopang'ono, zina kugwetsedwa, zina kuphimbidwa ndi zikwangwani za malonda. Muziyang'ana pamwamba pa zikwangwanizo, chifukwa m'masitolo ena akale chaka chomwe adamangidwa chidalembedwa pakhoma chakudenga.

M'dera lomweli mudzakumana ndi ogulitsa ziboliboli ndi zojambula. Mtengo woyamba si mtengo weniweni, munenerere. Musagwire chinthu chomwe simukufuna kugula, chifukwa chikangolowa m'manja mwanu kuchibweza kumakhala mlandu. Anyamata oima m'makona omwe amanong'ona za madola ndi marandi muwalambalale. Kusintha ndalama pamsewu n'kosaloledwa, ndiponso ndi momwe anthu amapatsidwira mapepala pakati pa mpukutu.

Za kuberedwa, tinene mosabisa. Masana m'tauni si kawirikawiri munthu kukuchitani chiwembu poyera, kuba kwake n'kopisa ndi kutsomphola. Chikwama chikhale chazipi, lamba wake adutse pachifuwa, icho chili kutsogolo. Ndalama muzigawe patatu: zochepa za minibasi ndi madzi pofikira msanga, zina m'chikwama chamkati, zotsala zikhale mu Mpamba kapena Airtel Money. Foni musaiyankhire m'mphepete mwa msewu, lowani m'sitolo kapena muime chotsamira khoma. Wina akakuuzani kuti mwadetsedwa kumsana, kapena akatola mpukutu wa ndalama pamaso panu n'kunena kuti mukagawane pakona, dziwani kuti ali ndi mnzake kumbuyo kwanu. Njira muzifunsa kwa alonda a pamabanki kapena amayi ogulitsa zipatso, osati kwa munthu amene wayamba yekha kukufunsani komwe mukupita. Musajambule mabanki, apolisi kapena asilikali, ndipo munthu aliyense muyambe mwamupempha.

Komabe chimene chimavulaza anthu oyenda pansi kwambiri ndi msewu weniweniwo. Njira za oyenda pansi zimatha mwadzidzidzi, pena pali galimoto yoimika, pena mavenda ayala malonda, ndiye mumakakamizika kutsikira mumsewu. Zivundikiro za ngalande zina zidabedwa, zina zidasweka, ndipo mvula ikagwa dzenje limabisika m'madzi. Musaponde chithaphwi chomwe simukuona pansi pake. Powoloka muyang'ane kumanja kaye, kenaka kumanzere, kenaka kumanjanso, ngakhale pamizere yowolokera. Akabaza a njinga zamoto amatulukira pakati pa galimoto zoima, nthawi zina kuchokera mbali yolakwika, choncho galimoto ikakuimirani musathamange, suzumirani kaye kuseri kwake. Mukaona gulu la anthu likuwoloka, wolokani nalo.

Kuchokera kumunsi kwa Victoria Avenue mulowe Haile Selassie Road, komwe kuli masitolo a nsalu, ziwiya ndi zipangizo, kenaka mutsike ndi Kaohsiung Road kulowera kumsika waukulu. Ngati mukufuna zitenje kapena zipatso, gulani pano, koma muchepetse katundu chifukwa kutsogolo kuli chitunda. Mumsika muli zimbudzi zolipira, ndipo ndi bwino kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono ndi tishu yanuyanu. Kumunsi kwake mudzawoloka mtsinje wa Mudi. Fungo lake lidzakuuzani lokha zomwe mafakitale ndi zinyalala zauchita mtsinjewu. Musadutse njira zachidule za m'mphepete mwake, khalani pamsewu waukulu.

Chitunda cha ku Mandala chimatenga mphindi 15 kapena 20 poyenda modekha. Pamwamba pake, mu Mackie Road, pali Mandala House ya 1882, nyumba yakale kwambiri mwa zomwe zidakalipo mumzindawu. Idali likulu la kampani ya African Lakes yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo dzina loti Mandala lidabwera chifukwa cha magalasi a m'maso omwe John ankavala. Ndi yosanja, yozunguliridwa ndi khonde. Pansi pali malo oonetsera zojambulajambula ndi podyera, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe lidayamba mu 1946, momwe muli mabuku ndi zithunzi zakale za Nyasaland. Mupemphe kuona zithunzi zakale za Blantyre, mufananize ndi misewu yomwe mwangodutsamo kumene. Zakudya zapamenepo n'zokwererapo mtengo, ndiye ngati thumba silikulola, mudyeretu m'malesitilanti a m'tauni musanawoloke Mudi.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ndi tauni ya Limbe musaziphatikize pa ulendo wapansiwu, n'kutali, zimafuna minibasi ndi tsiku lakelake. Pobwerera, mwana wanu adzakutengereni ku Mandala komweko, kapena mutsikenso kumsika kukakwera minibasi isanakwane 4 koloko. Ikapitirira nthawi imeneyo anthu oweruka kuntchito amadzaza masiteji, mitengo imakwera, ndipo miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6 koloko.