Funsani Azakhali: Ndigule chiwaya chachikulu?

Azakhali,
Ine ndi mayi wa ana anayi kuno ku Chilomoni koma Loweruka lililonse pakhomo pamadzadza, azilamu, ana a achemwali anga, anzawo a bambo obwera kudzaonera mpira, onsewo akufuna tchipisi. Kapoto kanga ndimakazinga maulendo 6, omaliza akamalandira oyamba njala yawagwiranso, komanso nyumba yonse mpaka makatani fungo la mafuta lokhalokha. Nde ndikuganiza zogula chiwaya ngati cha anyamata a pamsewu chija kapena fryer yaikulu ya gasi ndiziphikira panja. Bambo akuti ndikungofuna kuononga ndalama. Ndipange bwanji?
Mayi wotopa, Blantyre

Achemwali,
Zotuluka panjazo ndagwirizana nazo, koma bambowo musawakwiyire msanga, chifukwa chiwaya mugula kamodzi basi, chimene chizikulizani mwezi ndi mwezi ndi mafuta. Kapoto kanuko kamakhuta ndi lita imodzi kapena awiri, pomwe ma fryer akuluakuluwa ena amafuna malita 10 kuti angoyamba ntchito, nde musanagule kadutseni kaye pagolosale mufunse mtengo wa chigubu cha malita 5 muchulukitse kawiri. Anyamata a pamsewu zimawayendera poti akugulitsa tsiku lonse, inu mafutawo azingokhala kudikira Loweruka lina.

Ndikanakhala ine ndikanatenga chiwaya chapakatikati. Kachiyang'anitsitseni bwino cha anyamatawo, dzenje lili pakati pokha nde mafuta salowa ambiri, zakupsa amazikankhira m'mbali, zimakhalabe zotentha uku mafuta akutsetsereka kubwerera pakati. Amene anaganiza zimenezi anali ndi mutu ndithu. Koma owotcherera muwafunse chitsulo chachokera kuti, cha malata onyezimira aja ayi, cha diramu yomwe munali mankhwala kapena penti ayinso, mufune chokhuthala, mukachitsuke bwino ndi kuchiwotcha ndi timafuta musanaphikiremo.

Moto wa gasi ndi wosavuta kuchepetsa kusiyana ndi makala kapena nkhuni. Silinda ikhale patali ndi moto, paipi muziipaka madzi a sopo, mukaona thovu ndiye kuti ikudontha, musayatse. Mafuta amafunika madigiri 175 mpaka 180, ngati mulibe choyezera viikani nsonga ya mthiko wouma, tithovu tikamatuluka mwachangu ayenera, akayamba kufuka utsi mwapyoza. Kachewere wanu wa ku Dedza kapena Ntcheu mukamudula mumutsuke, mumupukute ndi nsalu mpaka aume, mukazinge kaye pa moto wochepa kuti afewe kenaka kachiwiri pa moto waukulu. Musathire wambiri nthawi imodzi eti poti chiwaya ndi chachikulu, mafuta amazizira tchipisi nkutuluka chonyowa ngati chagwa m'chithaphwi.

Apa pokha ndimvereni. Mafuta asapitirire theka la dzenjelo chifukwa mukaponyamo chakudya amafufuma. Chiwaya chikhale pamalo osapendekeka, kutali ndi mpanda wa udzu ndi zovala zapachingwe, ana ampira wawo akasewerere kwina, ndipo kukachita mitambo ikani pansi pa denga lalitali lopanda makoma chifukwa madontho a mvula m'mafuta otentha amathetheka koopsa. Nkhuku yochokera mu fuliji isungunuke kaye ndi kupukutidwa. Mafuta akagwira moto osathira madzi ngakhale kapu imodzi, moto umalumpha mpaka kumaso, tsekani gasi, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ndowa ya mchenga izikhala pafupi nthawi zonse.

Mukamaliza asiyeni azizire, muwasefe pa kansalu koyera, musunge m'chigubu chotseka pomwe sipafika dzuwa. Akada, akamachita thovu kapena kununkha moipa atayeni osadandaula. A nsomba akhale ndi botolo lawolawo, apo ayi mandasi a ana Lolemba adzamveka chambo. Azilamuwo muwauze kuti aliyense akamabwera ku mpira azinyamula lita yake.
Azakhali