Kamba nayenso ananama, ndiye mwana ndimuyankhe chiyani?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anawerengera mwana wawo nthano ya ku Philippines ya Pusi ndi Kamba, mwanayo n'kufunsa chifukwa chake Kamba amatamandidwa pomwe nayenso ananama.

Amayi, mwana wanuyo wafunsa zomveka, musamutseke pakamwa.

Kwa amene simukuidziwa, awiriwa anatola mtengo wa nthochi ukuyandama pamtsinje n'kuudula pakati. Pusi anathamangira chakumtunda poona masamba obiriwira, Kamba n'kutsala ndi tsinde la mizu. Aliyense amene anabzalapo nthochi wadziwa kale zotsatira: cha Pusi chinafota, cha Kamba chinaphuka mpaka kubereka. Poti Kamba sakwera mumtengo, anapempha mnzakeyo kuti amuthyolere. Pusi anakhazikika pamwamba n'kumadya yekha, mwini nthochi ali pansi khosi m'mwamba, makoko okhaokha akumugwera. Kamba anatchera minga patsinde, Pusi potsika anabayidwa. Pusi atamugwira Kamba, anamuuza asankhe, kusinjidwa mumtondo kapena kuponyedwa m'madzi. Kamba analira kuti madzi okha ayi, amira. Pusi anamuponya m'madzi momwemo, kwawo kwenikweni.

Bodza limenelo ine sindimuimbira nalo mlandu Kamba. Anali m'manja mwa wofuna kumupha, alibe liwiro, alibe womuthandiza. Komanso taonani chimene chinachititsa kuti bodzalo ligwire. Pusi sanakhutire ndi chilango wamba, anafuna chowawitsitsa, monga momwe anafunira chigawo chooneka bwino ndiponso nthochi zonse. Kamba anangoudziwa mtima wa mnzakeyo, dyera n'kumaliza lokha ntchito.

Sindidabwa kuti José Rizal, mlembi komanso ngwazi ya dziko la Philippines, anaikonda nthanoyi. Anaijambula zithunzi ali ku Paris mu 1885, n'kuisindikiza m'Chingerezi ku London mu July 1889, poiyerekeza ndi ya ku Japan ya pusi ndi nkhanu. Nthawiyo dziko lake linali pansi pa Spain, boma lomwe linadzamupha mu 1896. Munthu wotero ankadziwa bwino za wamng'ono wolimira wamkulu. Mpaka pano Afilipino amakumbukira kusindikizidwa kwake ndi tsiku la mabuku a ana, Lachiwiri lachitatu la mwezi wa July.

Za minga ndiye zimandivuta, amayi. Pamenepo moyo wa Kamba sunali pachiswe. Anali wokwiya, anabwezera, ndipo kubwezerako n'kumene kunamufikitsa pamtondo. Mwanayo muuzeni zimenezi poyera, kenako mumufunse kuti iyeyo, makoko akumugwera pamutu chonchija, akanatani.