Yankho kwa agogo a khanda lotuluka ku berçário (chipinda cha makanda kuchipatala) lili ndi makilogalamu 1.8

Agogo, mwafunsa ngati anamwino achita bwino kutulutsa mdzukulu wanu akadali ndi makilogalamu 1.8, kapena amangofuna bedi. Mabedi amachepadi, koma sikelo payokha sigamula. Amaona ngati khanda likuyamwa kapena kumwa mkaka wofinya wa amake pa kapu, ngati lakhala likukwera sikelo masiku atatu otsatizana, ngati likupuma lokha popanda okisijeni, komanso ngati kutentha kwa thupi kukukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Zikakwanira izi, kunyumba n'kwabwino kuposa chipinda chodzaza ana odwala, momwe matenda sachedwa kufalikira.

Ntchito ya makina otenthetsera ana a kuchipatala tsopano yagwera inu. Njira ya mãe canguru, yofunditsa khanda poliika pachifuwa, inayambira ku Bogotá, dziko la Colombia, mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina otenthetsera ana, ndipo mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati makanda obadwa masiku asanakwane kapena osafika makilogalamu 2.5 aziikidwa pachifuwa atangobadwa. Mwana avale thewera, chipewa ndi masokosi basi, agone pakati pa mabere, khungu kukhudza khungu, mum'mange ndi chitenje, usana ndi usiku. Amake akatopa, alandire bambo ake kapena inuyo. Chifuwa cha bambo chimafundanso. Kuzizira kwa ku Angónia ndi ku Tsangano mu June ndi July mukukudziwa. Kumukulunga mabulangete atatu n'kumugoneka yekha pamphasa sikokwanira, ndipo mbaula m'nyumba yotseka imaononga kapumidwe kake. Kumusambitsa kudikire, mungomupukuta. Aziyamwa maola awiri kapena atatu aliwonse, ngakhale pomudzutsa, poti ana otere amagona mopitirira.

Pomwe mabanja ambiri amaphonya ndi pa tsiku lobwerera kusikelo. Wina amati mwana sanatuluke m'chikuta, wina ndalama ya chapa (minibasi) yasowa. Mwambo sindiunyoza, koma tsiku lolembedwa pa cartão (khadi la kusikelo) lisaphonyedwe. Ngati chipatala cha ku Ulongwe chili kutali, funsani ku centro de saúde (chipatala chaching'ono) yapafupi kapena wothandiza zaumoyo wa m'mudzi mwanu.

Akasiya kuyamwa, akazizira ngakhale ali pachifuwa, akatentha, akamapuma kopitirira ka 60 pa mphindi kapena nthiti zikamalowa m'kati, akakomoka, zikhatho ndi mapazi zikachita chikasu, kapena mchombo ukatuluka mafinya, nyamukani pompo ngakhale usiku. Panjira akhalebe pachifuwa, ndipo pamchombo musapake kanthu kamene anamwino sanakupatseni.